Sikirini ikachita mdima, musathamangire kuloza mwana chala

Pali banja lina lomwe ndimalidziwa bwino lomwe lidatha masiku anayi anthu akungodutsana m'nyumba kamba ka kompyuta. Lolemba lina madzulo bambo adayatsa makinawo kuti amalize kuwerengera za kugolosale yawo, koma pasikirini padangobwera mizeremizere yobiriwira, kenaka mdima. Bokosi likulira monga mwa masiku onse, kagetsi kakutsogolo kakuyaka, chithunzi osabwera.

Womaliza kuigwira dzulo lake adali mnyamata wawo wa Fomu 2, ndiye mwadziwa kale amene adasenza mlandu. Bambo adati mwana wapha kompyuta ndi magemu ake, asadzayandikirenso patebulopo. Mayi adati: "Koma inu bambo ake, makina amenewa mudawagula atagwira kale ntchito zaka zambiri kumaofesi, mwana walakwanji?" Bambo adati atapa ndalama ya fizi ya teremu yamawa akagule ina, adzabweza. Mayi adati ya fizi siikhudzidwa, zivute zitani. Chimene chinkawadya mumtima onse awiri, ngakhale sankachitchula, n'chakuti m'makinamo mudali zithunzi za ukwati wawo, za ana ali makanda, komanso kaundula yense wa ngongole za makasitomala.

Lachisanu adanyamula bokosilo ulendo kwa mmisiri. Iye atatsegula adapeza kuti kafani ka pakhadi lotulutsa zithunzi kadagwidwa ndi fumbi, kosazunguliranso, ndipo khadilo lidakhala likutentha kwa miyezi mpaka kufa. Adalichotsa, n'kuikamo lina laling'ono, kompyuta n'kudzuka. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi chomwe chidasowa. Fizi idapulumuka. Ntchito yovuta idatsala imodzi yokha: bambo kupepesa mwana.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa m'makomo mwathu ambiri muli makompyuta a patebulo akalekale. Ena mudagula kuntchito pomwe ankagulitsa katundu wakale, ena adakutumizirani achibale a ku Joni kapena ku UK. Ndi momwe ana amalembera za kusukulu, ndi momwe mumasunga za bizinesi. Tsiku lina sikirini idzachita mdima ndithu. Tsiku limenelo musayambe ndi kufunafuna wolakwa, ndiponso musathamangire kusitolo. Nthawi zambiri chafa ndi chiwalo chimodzi chokha, ndipo chimasinthidwa ngati tayala la njinga.

Khadi limeneli n'chiyani?

Amisiri amalitchula kuti graphics card. Ndi kathabwa kamagetsi, kutalika kwake ngati chikhatho kapena kupitirirapo, komwe kamabayidwa m'kati mwa bokosi la kompyuta. Ntchito yake ndi imodzi: kusandutsa zomwe kompyuta ikuchita kukhala chithunzi chomwe inu mukuona. Makampani odziwika opanga ubongo wa makhadi amenewa ndi NVIDIA, yomwe makhadi ake amatchedwa GeForce, ndi AMD, yomwe ake ndi Radeon.

Apa mumvetse bwino, makamaka inu amene mtima wagunda kale: khadi limeneli silisunga kanthu kanu. Makalata, zithunzi, nyimbo ndi maakaunti zimakhala pa hard disk. Khadi likafa zili ngati babu lapsa m'chipinda. Katundu ali momwemo, kungoti simukumuona.

Nanga chimalipha n'chiyani? Kwenikweni ndi kutentha. Khadi limatentha likamagwira ntchito, n'chifukwa chake ambiri ali ndi kafani. Fumbi la m'chilimwe likalowa, limaunjikana pakafanipo mpaka kukhala ngati bulangete. Onjezanipo dzuwa la mu Okutobala ndi bokosi loikidwa pansi pakona, mwina lofundidwa kansalu koluka kuti lizioneka bwino. China ndi magetsi ozimazima ndi kubwera mwamphamvu, komanso mphezi. Chachitatu ndi ukalamba basi. Magemu amalitenthetsa khadi, inde, koma khadi loyera lokhala ndi fani yozungulira bwino lidapangidwira ntchito yomweyo. Mwana amangokhala kuti ndiye adali pampando tsiku lomwe matenda akale adafika pachimake.

Tsimikizani kaye kuti wodwala ndi khadi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdima pasikirini ungabwere pa zifukwa zingapo, ndipo zina n'zosafuna ndi tambala yomwe.

Yambani ndi chingwe chochoka kubokosi kupita kusikirini. Chizuleni mbali zonse ziwiri, muone ngati timano take sitidapindike, muchibwezere molimba. Mukakhala ndi china, yesani chimenecho. Anthu ambiri alipira mmisiri chifukwa cha chingwe chomwe chidakhwefuka posesa.

Kenaka yesani sikirini. Zulani chingwe cha kubokosi, musiye cha magetsi chokha, mudine batani lotulutsa menyu ya sikiriniyo. Mizere ikamaonekabe kompyuta isadalumikizidwe, wodwala ndi sikirini. Mukhozanso kulumikiza bokosilo ku TV ya pabalaza ngati ili ndi soketi yofanana, kapena kubwereka sikirini kwa aneba kwa mphindi zochepa.

Mukatero onani nthawi yomwe vuto likuyamba. Ngati mizere, timadontho kapena timabokosi tamitundumitundu tikuoneka mukangoyatsa, pomwe dzina la kampani yopanga makinawo likutuluka Windows isadayambe, ndiye kuti vuto lili m'zitsulo, ndipo khadi ndiye woyamba kuganiziridwa. Koma ngati zonse zili bwino mpaka Windows italowa, mwina yasokonekera ndi pulogalamu yoyendetsa khadilo, yomwe amati driver. Imeneyo amangoichotsa n'kuikamo ina.

Tcheraninso khutu. Makina ambiri akale amalira poyatsa akapeza vuto, ndipo mwa ambiri a iwo kulira kumodzi kwakutali kotsatana ndi kuwiri kwakufupi kumatanthauza kuti mbali ya zithunzi siikuyankha. Dziwaninso kuti timitengo ta memory, tomwe amati RAM, tikakhwefuka nato timabweretsa mdima womwewo. Kutizula n'kutibwezera bwino kwadzutsapo makompyuta ambiri.

Mayeso omaliza ndiwo angakupulumutsireni ndalama zonse. Yang'anani kumbuyo kwa bokosi. Ngati chingwe cha sikirini chidabayidwa cha m'munsi, koma cha kumtunda, pafupi ndi pobaya mbewa ndi kiyibodi, pali soketi ina ya sikirini, ndiye kuti makina anu ali ndi chotulutsa zithunzi chachiwiri chobadwa nacho pa motherboard, thabwa lalikulu lija lomwe ziwalo zonse zimabayidwapo. Chotsani khadi lokayikitsalo, mubaye chingwe pamenepo, muyatse. Chithunzi chikabwera choyera, mwapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwatsimikiza kuti khadi ndilo lidafa, komanso mwapeza kuti kompyuta ikhoza kugwira ntchito popanda ilo. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuwerengera ndi kuonera mafilimu, mukhoza kulekera pomwepo osagula kanthu.

Gulani khadi lokwana makina anu

Ngati soketi yachiwiri palibe, kapena ntchito yanu ndi yojambula makadi a ukwati ndi kukonza mavidiyo, ndiye kugula kulipo. Safunsa adadya phula. Musadachoke panyumba, dziwani zinthu zisanu izi.

Choyamba ndi mpata womwe khadi limalowamo. Makompyuta a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000 adali ndi mpata wotchedwa AGP, womwe kampani ya Intel idabweretsa cha m'ma 1997. Kuyambira 2004 udalowedwa m'malo ndi PCI Express, womwe ukugwirabe ntchito mpaka lero. Khadi la mpata wina sililowa mwa unzake, olo mutakankha bwanji. Ubwino wa PCI Express ndi wakuti mibadwo yake imamvana: khadi la m'badwo wachitatu limagwira ntchito mumpata wa m'badwo wachiwiri, kungoti mwina silithamanga liwiro lake lonse. Komabe makina ena akale kwambiri amakana kudzuka ndi makhadi atsopano, n'chifukwa chake kuyesa musadalipire n'kofunika.

Chachiwiri ndi msinkhu wa bokosi. Makompyuta ambiri ochoka m'maofesi, monga a Dell ndi HP aja opyapyala ogoneka patebulo, amafuna khadi lalifupi lomwe amati low profile. Lalitali sililola chivundikiro kutseka. Makhadi ena amabwera ndi tizitsulo tiwiri takumbuyo, kakatali ndi kakafupi; funsani kuti akupatseni koyenera bokosi lanu.

Chachitatu ndi magetsi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. M'bokosimo muli kabokosi kena kachitsulo kotchedwa power supply, komwe kamagawa magetsi ku ziwalo zonse. Pambali pake pamalembedwa mphamvu yake m'mawati. M'makina opyapyala a muofesi, ambiri safika mawati 300. Mpata wa PCI Express umapereka mawati osapitirira 75, ndipo makina ena aang'ono amalola ocheperapo. Makhadi akuluakulu a magemu amafuna chingwe chapadera: cha mabowo 6 chimaonjezera mawati 75, cha mabowo 8 chimaonjezera 150. Ngati power supply yanu ilibe zingwe zimenezi, makhadi oterowo si anu. Kukakamiza kuli ngati kumangirira ngolo ya ng'ombe ziwiri kwa bulu mmodzi: makina azidzangozima okha, penanso n'kupsa.

Kwa makina akale a pakhomo, makhadi odya pang'ono ndiwo abwino. GeForce GT 710 imadya mawati 19 okha, ndipo ambiri a mtunduwu alibe ndi fani yomwe, ndiye palibe choti chigwidwe ndi fumbi. Koma ndi yongotulutsa chithunzi basi, osati ya magemu olemera. GeForce GT 1030, yomwe idatuluka mu 2017, imadya pafupifupi mawati 30 ndipo ili ndi mphamvu yochulukirapo. Imeneyi ilipo mitundu iwiri, ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4. Dzina ndi limodzi, koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri, ndiye werengani pakatoni.

Chachinayi ndi soketi ya sikirini yanu. Masikirini akale ali ndi VGA, ija ya buluu ya mabowo 15, yomwe idayamba mu 1987. Ena ali ndi DVI yoyera, ndipo atsopano ali ndi HDMI ngati ya pa TV. Makhadi ambiri a masiku ano alibe VGA. Mukagula lotero mudzafunika kachipangizo kosinthira HDMI kupita ku VGA, ndipo mtengo wake muuwerengere limodzi.

Chachisanu ndi Windows yomwe ili m'makinamo. Khadi limafuna driver yogwirizana nayo. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 chidatha mu Okutobala 2025. NVIDIA nayo idasiya kutulutsa ma driver atsopano a magemu a Windows 7 mu 2021. Funsani wogulitsa akuonetseni kuti driver ya khadilo pa Windows yanuyo ilipo.

Chinthu chapafupi n'chakuti munyamule bokosi lonselo kupita nalo kositolo, kaya ndi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Likakulemerani, tengani khadi lakufalo pamodzi ndi zithunzi za pafoni zoonetsa m'kati mwa bokosi, kumbuyo kwake ndi chikalata cha pa power supply.

Chenjerani ndi zotchipa zonyezimira

Makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito si oipa, ndipo kwa makina akale nthawi zambiri ndiwo oyenera thumba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Padziko pano pali makhadi achinyengo, akale omwe adasinthidwa dzina kuti azioneka ngati atsopano amphamvu. Mukaona khadi la dzina lalikulu pamtengo wa chiphwetekere, imani kaye. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa GPU-Z yomwe imaonetsa zenizeni za khadi, ndipo ambiri achinyengowa imawagwira. Mmisiri woona mtima sangakane kuitsegula inu mukuona.

Aliike m'makina anu pomwepo, liyake kwa mphindi 20 kapena 30 vidiyo ikusewera. Onani ngati fani ikuzungulira mosakhuluza ndiponso ngati mizere siikubwera. Gwirizanani masiku oti mungabweze likavuta, ndipo zimenezo zilembedwe palisiti. Khadi lanu lakale mulitenge, ndi lanu.

Wina adzakuuzani kuti adaona pa YouTube anthu akudzutsa khadi lakufa poliotcha mu uvuni. Zoona nthawi zina limadzuka, koma kwa kanthawi chabe, ndipo utsi wa mtovu ndi mapulasitiki si woti ulowe momwe mumaphikira ana chakudya. Zisiyeni.

Kuika khadi latsopano

Ntchitoyi si yoopsa, ndipo mayi kapena bambo wodekha akhoza kuigwira ndi sikuludiraiva imodzi. Ngati chithunzi chikuonekako, yambani mwachotsa driver ya khadi lakale. Kenaka zimitsani makina, muzule chingwe kukhoma, mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Ana aang'ono akhale patali, chifukwa timasikuluu timathera m'kamwa.

Gonekani bokosi patebulo, mutsegule chivundikiro, mujambule ndi foni momwe zinthu zilili kuti musadzasokonezeke pobwezera. Musadakhudze chilichonse gwirani kaye chitsulo cha bokosilo. Thupi la munthu limasunga timagetsi, tija timathetheka mukamavula juzi usiku, ndipo timeneto n'tokwanira kupha chiwalo cha kompyuta. Khadi muzigwira m'mphepete, osati pa timano take tagolide.

Masulani sikuluu kapena chotsekera chomwe chagwira khadi kumbuyo kwa bokosi. Kumapeto kwa mpata kuli kachogwirira kapulasitiki. Kakanikizeni kapena kukakankhira pambali musadakoke. Ambiri amaiwala kameneka n'kuzula mpata wonse, ndipo pamenepo ndiye maliro enieni. Khadi likatuluka, chotsani fumbi ndi kaburashi kofewa kouma, osati kansalu konyowa. Lozetsani latsopano pampatapo, mukanikize mofanana mbali zonse mpaka kachogwirira kaja katseke. Likamakana, musalimbane nalo, onaninso ngati lalunjika. Mangani sikuluu, mubaye chingwe cha magetsi ngati khadilo limafuna, mutseke.

Chingwe cha sikirini chipite pakhadi latsopanolo, osati pasoketi ya kumtunda ija. Poyamba zilembo zikhoza kuoneka zikuluzikulu zosakongola. Musadandaule, zimatero mpaka driver italowa. Itengeni pa intaneti kwa eni ake, NVIDIA kapena AMD, osati kwina kulikonse. Imalemera mamegabaiti mazana angapo, ndiye konzekerani bandulo.

Zinthu ziwiri musayerekeze. Kabokosi ka power supply musakatsegule, kamasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula kukhoma. Komanso makina ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kuno kwathu magetsi ndi a mavoti 230. Mukakasunthira pa 115 n'kuyatsa, mudzangomva phuu, ndi fungo la kupsa.

Ngati mtima ukukana, pitani kwa mmisiri, palibe manyazi. Koma pitani mukudziwa zomwe mwawerengazi, ndipo mukhale pomwepo akamatsegula. Musadasiye makina kwa munthu, kumbukirani kuti muli zithunzi ndi zinsinsi za banja lanu.

Nthawi yovomereza kuti yakalamba

Pali pomwe kukonza kumakhala kutaya ndalama. Ngati makina anu ndi a mpata wa AGP, ali ndi zaka pafupifupi 20 kapena kuposa. Ngati pa motherboard timigolo ting'onoting'ono tija tatupa pamwamba kapena tikutuluka dzimbiri, matenda afalikira. Ngati khadi, power supply ndi kosinthira chingwe pamodzi zikuyandikira mtengo wa kompyuta ina yogwiritsidwapo ntchito yatsopanoko, gulani imeneyo. Hard disk yakale musaitaye; mmisiri akhoza kusamutsa zonse zili m'menemo.

Chisankho chimenechi si cha munthu mmodzi. Khalani pansi nonse awiri, mitengo ili papepala, mufunsane: kodi makinawa amatibweretsera chiyani, ndipo tingadikire mpaka malipiro? Ngati golosale ikhoza kuyenda ndi kope ndi bolopeni kwa milungu iwiri, fizi ya mwana isakhudzidwe. Ndalama yotapa mobisa kuti mnzako adzangoona katundu wafika imabala mkangano wotalika kuposa moyo wa kompyutayo.

Mukakonza, isamaleni. Ichotseni pansi, muiike pamalo popita mphepo, kansalu koluka kaja kapite pa TV yozimitsa. Miyezi ingapo iliyonse, makamaka chilimwe chikamatha, tsegulani muchotse fumbi. Magetsi akazima zulani kukhoma, mubwezere akakhazikika, ndipo mvula ya mphezi ikamabwera chitani chimodzimodzi. Kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'kotchipa kuposa khadi. Zithunzi za ukwati ndi kaundula wa ngongole zikopereni pa flashi lero lomwe, chifukwa tsiku lomwe idzafe hard disk nkhani siidzatha bwino ngati ya banja lija.

Ndipo inu makolo, mwana amene mukumuthamangitsa patebulo ndi amene mawa angadzakukonzereni makinawo. Muitaneni agwire tochi pamene mukutsegula, aone kafani, adziwe chimene fumbi limachita. Muikireni malire a nthawi ya magemu, zimenezo n'zoyenera, koma musamusenzetse mlandu musadafufuze. Mukapeza kuti mudamunamizira, muuzeni kuti "mwana wanga, ndidalakwitsa." Bambo a nkhani ija zidawatengera masiku awiri kuti mawu amenewa atuluke. Lero mnyamatayo ndiye amatsegula bokosi lija kuchotsa fumbi teremu iliyonse ikatha, bambo ake atagwira tochi.